REYNOLD JOHNSON, MPHUNZITSI AMENE ANAMANGA NKHOKWE YA MAU

Palibe munthu wa kumudzi amene afunika kuphunzitsidwa ubwino wa nkhokwe. Mlimi wa mpunga kwa Kambombo kapena kwa Tembwe, m'boma la Chama, adziwa bwino kuti nchito ya m'munda siithera pa kukolola. Imatha pamene cakudya calowa m'malo otetezeka ku anankafumbwe, makoswe, ciswe ndi mvula, ndiponso pamene mwini wake angathe kutapamo tsiku liri lonse limene wafuna.

Boma, masukulu, zipatala ndi mabanki nazonso ziri ndi zokolola zao zofunika kusungidwa. Zokolola zimenezi ndizo maina a anthu, masiku ao obadwa, manambala a zitupa, zotsatira za mayeso ndi ciwerengero ca ndalama za munthu ali yense. Kale zonsezi zinali kukhala m'mabuku ndi m'mafaelo. Lero zambiri ziri m'makompyuta, ndipo nkhokwe imene yasenza katundu ameneyu kwa zaka pafupifupi 70 ndi cipangizo cochedwa hard disk, ndiko kunena mbale zolimba za maginito zimene zimazungulira m'kati mwa makina.

Munthu amene anatsogolera nchito yopanga nkhokwe imeneyi ndi Bambo Reynold B. Johnson a ku America, amene anamwalira mu 1998. Iwo sanayambe nchito monga injiniya. Anali mphunzitsi wa sukulu, mwana wa kudera la alimi, ndipo luso lao loyamba linabadwa cifukwa ca kulemera kwa nchito yoconga mayeso.

UBWANA NDI MAPHUNZIRO

Reynold Johnson anabadwa pa 16 July, 1906, pafupi ndi katauni ka Dassel m'cigawo ca Minnesota, kumpoto kwa dziko la United States of America. Makolo ake anali anthu ocokera ku Sweden, amene anaoloka nyanja kudzafuna moyo wabwinopo monga momwe anacitira anzao ambiri pa nthawiyo. Minnesota ndi dziko lozizira koopsa, la minda ikuluikulu ndi nyanja zambiri zing'onozing'ono.

Mnyamatayu anaphunzira pa sukulu ya Minnehaha Academy mu mzinda wa Minneapolis, ndipo pambuyo pake analowa yunivesite ya Minnesota. Kumeneko anatsiriza mu 1929 maphunziro a kayendetsedwe ka masukulu. Colinga cake cinali uphunzitsi, ndipo posacedwa anapeza malo ophunzitsa sayansi pa sukulu ya sekondale ya ku Ironwood, tauni ya migodi ya citsulo m'cigawo ca Michigan.

Zinali zaka zobvuta. Caka comweco ca 1929 cuma ca dziko la America cinagwa, ndipo cigumula cake cinakokolola maiko ambiri. Ngakhale kuno kwathu, pamene dziko linali kuchedwa Northern Rhodesia, migodi ingapo ya mkuwa inatsekedwa ca m'ma 1931 ndi 1932, ndipo amuna ambiri anabwerera kumidzi cimanjamanja. M'masiku otere ndi m'mene mphunzitsi wacinyamatayu anayamba kuganizira za makina.

MAKINA OCONGA MAYESO

Mphunzitsi ali yense adziwa mtolo wa mapepala umene umamdikira ana akatha kulemba mayeso. A Johnson anadzifunsa ngati makina sangasenzeko mtolowo, makamaka pa mayeso amene mwana amasankha yankho limodzi pa mayankho angapo. Monga mphunzitsi wa sayansi, anali kudziwa kuti kamtima kakuda ka pensulo, kamene akatswiri amakacha graphite, kamalola magetsi kudutsamo, pamene pepala loyera silitero. Motero ngati mwana wadetsa malo oyenera pa pepala, ndipo timawaya tiwiri tagusa pamalopo, magetsi amadutsa. Ngati wadetsa malo olakwika, palibe cimene cimadutsa.

Akatswiri ena anali atayesa kale njira imeneyi koma analephera. Cowalepheretsa cinali dzanja la ana: wina amadinda pensulo mwamphamvu, wina amangokhudza pang'ono, kotero kuti magetsi odutsawo sanali ofanana ndipo makina anali kupereka malikisi abodza. A Johnson anagonjetsa bvutoli mwa kuika pa njira iri yonse ya magetsi kacipangizo kocepetsa kwambiri mphamvu yake. Mwa njira iyi, cizindikiro cakuda bii ndi cizindikiro cotuwa zinayamba kuwerengedwa cimodzimodzi.

Mbiri ya makinawa inafika kwa Profesa Ben Wood wa ku yunivesite ya Columbia ku New York, amene kwa zaka zingapo anali kufunafuna cinthu cotere pamodzi ndi kampani ya IBM. Mu 1934 kampaniyo inagula luso la a Johnson ndi kuwalemba nchito monga injiniya. Pofika 1938 makina ochedwa IBM 805 anali pa msika. Woyendetsa wake anali kulowetsa pepala, kukoka cogwirira, ndi kuwerenga malikisi pa kamubvi konga ka sikelo. Munthu mmodzi anali kuconga mapepala mazana angapo pa ola limodzi. Pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, asilikali a America anagwiritsa nchito makinawa poconga mayeso a anyamata olowa usilikali.

Makolo a ku Chama aona cipatso ca nzeru imeneyi ndi maso ao. Kwa zaka zambiri ana a Giredi 7 m'Zambia muno akhala akuyankha mayeso mwa kudetsa timalo ndi pensulo, ndipo mapepalawo akhala akuwerengedwa ndi makina a bungwe la Examinations Council of Zambia. Makina a masiku ano amaona cizindikiro ndi kuwala m'malo mwa magetsi, koma mseu wake anaulambula ndi mphunzitsi wa ku Ironwood uja.

BVUTO LA MAKADI

Kwa zaka pafupifupi 18 a Johnson anagwira nchito m'cigawo ca New York, makamaka ku Endicott, akupanga makina a makadi. Kuti timvetse nchito yao yaikulu, tiyenera kuona m'mene maofesi anali kusungira zinthu masiku amenewo.

Kuyambira pa kalembera wa anthu wa ku America wa 1890, pamene Herman Hollerith anayambitsa njirayi, mau ndi manambala anali kusungidwa pa makadi a pepala lolimba mwa kuboola timabowo. Khadi limodzi la IBM linali kusunga zilembo 80 cabe. Kampani yaikulu inali ndi makadi zikwi mazanamazana, oikidwa m'mabokosi aatali onga miphika ya bwato, ndipo makalaliki anali kuyendayenda tsiku lonse kusolola khadi iri, kubwezera khadi ilo. Khadi likasocera kapena kung'ambika, mbiri ya katundu kapena ya malipiro a munthu inali kusokonezeka.

Makompyuta oyamba atabwera, kunabweranso matepi a maginito. Tepi inali kusunga zambiri kuposa makadi, koma inali ndi cilema cimene ali yense amene anakhalapo ndi wailesi ya kaseti acidziwa. Ukafuna nyimbo ya kumapeto, uyenera kupota tepi yonse kufikira utaipeza. Pa cifukwa ici maofesi anali kuunjika nchito ya sabata kapena ya mwezi ndi kuicita nthawi imodzi. Bwana wofuna kudziwa katundu wotsala lero anali kulandira yankho la sabata latha.

Funso linali lakuti: kodi ndi kotheka kupanga nkhokwe imene munthu angatapemo kambeu kamodzi kamene akufuna, kaya kali pamwamba, pakati kapena pansi, popanda kukhuthula nkhokwe yonse?

ULENDO WA KU SAN JOSE

Kuciyambi kwa 1952 kampani ya IBM inatuma a Johnson kumadzulo kwa dzikolo, ku San Jose m'cigawo ca California, kukatsegula nyumba yatsopano ya kafukufuku. Cifukwa cimodzi cinali cakuti mainjiniya aluso a ku California anali kukana kusamukira ku New York. San Jose masiku amenewo inali tauni ya minda ya zipatso. A Johnson anacita lendi nyumba imene kale inali yosindikiziramo, pa nambala 99 Notre Dame Avenue, ndipo analemba nchito kagulu ka anyamata.

Uphunzitsi wao unaonekera m'kayendetsedwe ka nchito. Anafuna kuti injiniya ali yense adziwe zimene anzake akucita, ndiponso kuti wopemphedwa thandizo ndi mnzake asakane. Akulu anati mutu umodzi susenza denga, ndipo nyumba ya pa Notre Dame inayenda pa lamulo lomwelo.

Gululi linayesa kusunga mau pa mawaya, pa timitengo ta citsulo, pa malamba ndi pa migolo yozungulira. Linawerenganso zimene analemba katswiri wina wa boma, Jacob Rabinow, za kusunga mau pa mbale. Pa nthawi yomweyo asilikali a ndege a dzikolo anali kufunafuna makina owathandiza kudziwa msanga katundu wa m'nyumba zao zosungiramo zinthu. Mu 1953 a Johnson anagamula kuti mphamvu zonse zipite ku mbale zozungulira. Anaona kuti mbale iri ndi malo aakulu olembapo kumaso ndi kumbuyo, ndiponso kuti mbale zambiri zingasanjikizidwe pa mtengo umodzi. Ndipo monga momwe singano ya galamafoni ingaikidwe pa nyimbo iri yonse popanda kuyambira poyamba, kamutu kowerenga kangalumphire pa malo ali onse a mbale.

Kunena kunali kwapafupi, kucita kunali kwina. Mbale zoyamba zinali kugwedezeka ndi kupindika zikayamba kuthamanga, ndipo mainjiniya ena powaseka anzao anacha makinawo codulira nyama. Gululi linapeza kuti kumata pamodzi mbale ziwiri zopyapyala za aluminiyamu, citsulo comwe cija ca mapoto, kumapereka mbale yoongoka bwino. Pamwamba pake panafunika utoto wosanganiza ndi fumbi la dzimbiri la citsulo, pakuti fumbi limenelo ndilo limagwira maginito. Utotowo unali wa mtundu wofanana ndi umene anapaka pa mlatho wochuka wa Golden Gate ku San Francisco. Kuti usakhale ndi zibuma, anausefa pa sokosi ya nayiloni ya akazi, ndipo anauthira pakati pa mbale iri kuzungulira kuti uyenderere wokha kufika m'mphepete.

Bvuto lalikulu koposa linali la kamutu kolemba ndi kuwerenga. Singano ya galamafoni imakhudza mbale, ndipo m'kupita kwa nthawi imaiperesa. Pa liwiro la makina awa, kukhudza kukadapala utoto pamodzi ndi mau onse. Koma kamutu kakatalikira, sikamva maginito. Anyamatawo anathetsa nkhaniyi mwa kupopera mpweya kupyolera m'timabowo ta pa kamutuko, kotero kuti kanali kuyandama pa mphepo, pa mpata wocepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi la munthu.

Pa 10 February, 1954, kwa nthawi yoyamba, mau anacoka pa makadi, nalembedwa pa mbale, nabwereranso pa makadi osasintha. Akuluakulu ena a kampani ku New York anali okayika, pakuti cuma ca IBM cinali kucokera m'malonda a makadi, koma a Johnson ndi gulu lao sanabwerere m'mbuyo. Louis Stevens ndiye anapatsidwa udindo wosandutsa luso limeneli kukhala katundu wogulitsa, ndipo maina a William Goddard ndi John Lynott ndiwo analembedwa pa ciphaso ca boma cotsimikiza eni luso la makinawo.

MBALE 50

Mu September 1956, zaka 8 dziko la Zambia lisanalandire ufulu, IBM inalengeza kompyuta yochedwa 305 RAMAC pamodzi ndi nkhokwe yake yochedwa IBM 350. Dzina la RAMAC ndi cidule ca mau a Cingerezi otanthauza njira yowerengera cuma mwa kutapa pali ponse pamene wafuna.

Nkhokweyo inali ndi mbale 50, iri yonse masentimita 61 m'mimba mwake, zosanjikizana pa mtengo umodzi woimirira. Zinali kuzungulira ka 1,200 pa mphindi imodzi, ndiko kuti ka 20 pa kaphindi kamodzi. Mkono wacitsulo wonyamula timitu tiwiri unali kukwera ndi kutsika m'mbali, ndipo ukafika pa mbale yofunika unali kulowa m'kati kufikira pa mzere woyenera. Ulendo wonsewo sunali kukwana kaphindi kamodzi. Malo onse pa mbalezo anagawidwa m'zigawo 50,000, ciri conse ndi nambala yake monga nyumba za m'tauni, ndipo cigawo cimodzi cinali kusunga zilembo 100.

Zonse pamodzi zinali zilembo 5 miliyoni, zimene zikadafuna makadi oposa 60,000. Kabati yake inali yaitali ngati munthu wamkulu, ndipo kulemera kwake kunali pafupifupi tani imodzi, monga matumba 20 a mpunga a makilogalamu 50. Makampani anali kubwereka makinawa pa mtengo wa madola 3,200 pa mwezi. Kampani yogulitsa mapepala ya Zellerbach ku San Francisco inali pakati pa oyamba kuwalandira.

Mu 1958, pa cionetsero ca maiko onse ku Brussels m'dziko la Belgium, anthu anaima pa mizere kufunsa makinawa mafunso a mbiri yakale, ndipo anali kuyankha m'zinenero 10. Mu 1960 anawerengera zotsatira za masewera a Olympic a nyengo yozizira ku Squaw Valley. Pamene IBM inaleka kuwapanga mu 1961, oposa 1,000 anali atapangidwa.

Lero cithunzi cimodzi cojambulidwa ndi foni cingadzaze nkhokwe yonse ya RAMAC. Koma cimene cinasintha mu 1956 ndi cakuti kalaliki anayamba kupeza yankho pamene wofunsa akali ciimire pa windo. Banki imene imakuuzani ndalama zanu pompo, ndi ofesi imene imapeza dzina lanu pakati pa maina mamiliyoni, zonse zinamera pa tsinde limeneli.

ZAKA ZOTSIRIZA

A Johnson sanakhalitse pa nchito ya mbale. Anaisiya m'manja mwa anyamata amene anawaphunzitsa, iwo nabwerera ku cinthu cimene cinali pamtima pao kuyambira kale, ndico maphunziro a ana. Anathandizana ndi kampani ya Sony ya ku Japan pa nchito yocepetsa tepi ya zithunzi zoyenda kuti ikhale yopepuka ndi yokwana m'kabokosi kamene mwana angagwire. Mu 1965 IBM inawapatsa ulemu wake waukulu koposa wa akatswiri, wochedwa IBM Fellow, umene umalola munthu kusankha yekha cofufuza.

Anapuma pa nchito mu 1971 ndipo anatsegula kabungwe kao kochedwa Education Engineering Associates. Kumeneko anapanga kagalamafoni kokwana m'dzanja. Mwana anali kukaika pa kambale komatidwa pa tsamba la buku, ndipo buku linali kumuwerengera mau. Kampani ya zidole ya Fisher-Price inagulitsa mabuku otere, ndipo okonda mbalame anagwiritsa nchito luso lomwelo pophunzira kulira kwa mbalame za mitundumitundu.

Mu 1986 Pulezidenti Ronald Reagan anawabveka mendulo ya National Medal of Technology. Pa moyo wao wonse analandira ziphaso za luso zoposa 90. Anamwalira pa 15 September, 1998, ku Palo Alto m'cigawo ca California, ndi matenda a khansa ya pakhungu, ali ndi zaka 92.

COLOWA CIMENE ANASIYA

Mbeu imene anabzala ku San Jose inabala kowirikiza. Mu 1961 kunabwera timitu toyandama pa mphepo yocokera ku liwiro la mbale yokha, popanda copopera. Mu 1971 nyumba ya IBM ya ku San Jose inatulutsa kambale kofewa kochedwa floppy disk, kamene munthu anali kunyamula m'manja. Mu 1980 kampani ya Seagate, imene mmodzi wa oiyambitsa anali Alan Shugart, amene anagwirapo nchito pa makina a RAMAC, inapanga hard disk yosunga zofanana ndi RAMAC koma yokwana pa cikhato ciwiri. Masiku ano hard disk imodzi yaing'ono ngati buku la m'thumba imasunga zoposa RAMAC ka 5 miliyoni. Dera la minda ya zipatso lija tsopano lichedwa Silicon Valley.

Mafoni ndi makompyuta ambiri atsopano alibe mbale zozungulira. Amasunga mau pa timabwalo ta magetsi tosayenda, luso limene linayambira ku kampani ya Toshiba ku Japan m'zaka za m'ma 1980. Koma m'nyumba zikuluzikulu zosungiramo mau a maboma ndi makampani, mbale za a Johnson zikali kuzungulira usana ndi usiku.

Nkhani imeneyi siili kutali ndi ife. Pa kalembera wa 2022, amene anapeza anthu oposa 19 miliyoni m'Zambia, owerenga anafika m'midzi ya kwa Chikwa, kwa Chifunda ndi kwina konse atanyamula timakompyuta ta m'manja m'malo mwa mapepala. Maina a obvota, maina a alimi olandira feteleza wa boma, ndi ndalama zotumizidwa pa foni, zonsezi zimakhala m'nkhokwe za makina.

COFUFUTIDWA SICIFA MSANGA

Pali khalidwe limodzi la nkhokwe imeneyi limene munthu ali yense ayenera kulidziwa. Popeza malo ali onse pa mbale ali ndi nambala yake, kompyuta imasunga kaundula wonena kuti kalata yakuti iri pa malo akutiakuti. Munthu akalamula kuti kalatayo ifufutidwe, kawirikawiri makina amangocotsa dzina lake m'kaundula ndi kulemba kuti malowo ali opanda mwini. Kalata yeniyeniyo imakhala pomwepo kufikira tsiku limene mau ena adzalembedwa pamwamba pake. Ziri ngati nyakwawa yafufuta dzina la munthu m'buku la mudzi, pamene nyumba yake ikali ciimire ndi katundu yense m'kati.

Pa khalidwe limeneli panamera nchito yatsopano ya apolisi, yofufuza umboni m'makompyuta. Wofufuza waluso sayamba ndi kutsegula makina a munthu woganiziridwa, cifukwa kuyatsa kokha kumasintha zina m'kati. Amayamba walumikiza kacipangizo koletsa kulemba ciri conse pa mbale, ndipo amakopera mbale yonse, malo odzaza ndi ooneka ngati opanda kanthu omwe. Kenaka amawerengera nambala yapadera yocokera ku zonse ziri m'katimo, imene iri ngati cidindo ca cala. Kalembo kamodzi kakasintha, nambalayo imasinthanso, motero bwalo la milandu limatha kutsimikiza kuti umboni sunaseweredwe. Malamulo a dziko lino amalola zolembedwa za m'makina kuperekedwa monga umboni m'khoti.

Citsanzo cochuka cinacitika ku Wichita m'cigawo ca Kansas ku America. Cigawenga cina cinapha anthu 10 pakati pa 1974 ndi 1991 ndipo sicinadziwike kwa zaka 30. Mu February 2005 cinatumiza uthenga wake ku nyumba ya wailesi ya kanema pa floppy disk. Apolisi anapeza pa kambaleko zotsalira za kalata ina yofufutidwa, zimene zinaonetsa dzina la chalichi ndi dzina loyamba la munthu amene anaikonza komariza. Pa 25 February, Dennis Rader anagwidwa, ndipo pambuyo pake anabvomera milandu yonse.

Koma mpeni umene umasenda cinangwa umacekanso cala. Mu 2003 ophunzira awiri a pa yunivesite ya MIT, Simson Garfinkel ndi Abhi Shelat, anafalitsa zimene anapeza atagula ma hard disk akale 158 m'misika. Mwa amenewa, 129 anali kugwirabe nchito, ndipo 12 okha ndiwo anali atayeretsedwa bwino. Pa enawo anapeza makalata a anthu, mbiri za odwala, ndi manambala a makadi a kubanki oposa 5,000. Eni ake anagulitsa makina poganiza kuti ndi opanda kanthu.

Cifukwa cake aphunzitsi akulu, makalaliki a zipatala, alembi a makopaletivu ndi onse osunga maina a anthu pa kompyuta ayenera kusamala. Lamulo la Data Protection Act la 2021 limaika udindo pa ali yense wosunga mbiri za anthu ena kuti aziteteze. Kompyuta yakale isagulitsidwe kapena kupatsidwa kwa wina mbale zake zisanalembedwe pamwamba ponse ndi wodziwa nchitoyo, kapena kuphwanyidwa. Kompyuta imene iri kugwira nchito isagwedezedwe kapena kugwetsedwa, pakuti kamutu kakagunda mbale, nchito ya zaka imatha m'kamphindi. Fumbi ndi kutentha kwa m'cigwa ca Luangwa, makamaka mu October, ndi adani enanso a makina. Ndipo monga mlimi wanzeru sasunga mbeu yonse m'cikwatu cimodzi, zolembedwa zofunika zikopedwe ndi kusungidwa pa malo aciwiri, m'nyumba ina. Nayenso mlimi asunge malisiti ndi mapepala ake, pakuti tsiku limene makina adzadwala, pepalalo ndilo lidzamuimira.

Bambo Johnson anayamba ndi pensulo ndi mtolo wa mayeso pa sukulu ya m'tauni yaing'ono ya migodi, kutali ndi mizinda ya anthu ophunzira kwambiri. Zida zao zoyamba zinali zimene mphunzitsi ali yense wa sayansi ali nazo m'kabati, ndipo gulu limene linapanga RAMAC silinacite manyazi kusefa utoto pa sokosi. Kanthu ndi khama, phwiti anakwatira njiwa. Aphunzitsi a m'masukulu a kumidzi, amene lero akuphunzitsa ana za makompyuta, nthawi zina ndi makina amodzi pa kalasi lonse, angauze anawo kuti nkhokwe imene iri m'kati mwa makinawo inaganiziridwa ndi mphunzitsi mnzao.